Masabata Awiri Manja Ali M'masokosi

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, sindinawaonepo atakhala pampando mpaka mpandowo kufunda. Tiyi ankamwa chiimirire, phazi lina lili kale panja. Ukapita kukawachezera, nkhani munkakambira m'njira, iwo patsogolo ndi khasu kapena chingwe, iwe pambuyo wefuwefu, ukuyankha msana wawo. N'chifukwa chake anthu anawatcha a Jijiri, poti kuyambira m'bandakucha ankangokhala jijirijijiri ngati nkhuku yosowa poikira. Dzina lawo lenileni linatsala pachitupa pokha.

Paunyamata anaumbapo njerwa, anaphwanyapo miyala m'mbali mwa msewu, anayendetsaponso ngolo. Atakwatira achemwali anga anatsamira pamunda wa chimanga ndi khola la ng'ombe. Dzuwa likapendeka, anzawo akamawongola msana pansi pa mtengo, iwo ankapota zingwe za khonje pantchafu, ndipo zingwe zikakwana ankamasula yakale n'kuipotanso. Manja awo anasanduka chinthu china. Zikhatho zinali gwa ngati chiboda. Khala lamoto ankalitola ndi zala n'kulibwezera pamoto osafulumira, ndipo munga ukawabaya, unkathyoka ndi mungawo. Ukapatsana nawo moni, unkakhala ngati wagwira njerwa yootcha.

Panali kachala kamodzi kokha kamene sikankalowa nawo m'zimenezi, kakumapeto kudzanja lamanzere. Kanapanidwa ndi tcheni cha ngolo iwo ali mnyamata, ndipo kanapola kali chiwongokere, kataloza kumbali, kosapindika. Mpini wa khasu sikanaukhudzepo, chingwe sikanachigwirepo. Kanangokhala see, kosalala ngati ka munthu wa muofesi. Achemwali anakatcha Bwana, ati poti anzake akamakhetsa thukuta iko kamangoyang'anira. Tonse tinkaseka, koma eni ake ayi.

“Ine ndili ndi zala zisanu ndi zinayi,” ankatero. “Aka ndi kamlendo, kongodya nawo.”

Pagulu dzanja limenelo linkakhala m'thumba.

Khola lawo linadzazapo kale. Koma matenda anatengako, sukulu ya ana inatengako, ndipo pachaka chimene ndikukambachi munali mutatsala ng'ombe imodzi, yaikazi, dzina lake Mawanga. Inali mdzukulu wa ng'ombe imene bambo awo anawasiyira, ndipo inali ndi bere lotopa. Munthu wosalankhula zachifundo uja, akafika pa Mawanga mawu ankatsika. Ankaichotsa nkhupakupa imodziimodzi kuseri kwa makutu, akuiuza za mitambo ndi za ulesi wanga.

Munda nawo unali utaguga. Popanda feteleza chimanga chinkafika m'mawondo n'kuchita chikasu, ngaiyaye n'kutuluka pakaphesi konga udzu. Ndowe ya ng'ombe imodzi inkathera pamizere yoyandikira nyumba. Feteleza wa m'sitolo munthu unkangoyang'ana mtengo wake n'kutembenuka. Chimene chinkadyetsa banja limenelo anali matumba awiri otsika mtengo a boma, lina lokulitsa, lina lobereketsa. Alamu ndi achemwali ankadziwa, ngakhale sankatchula, kuti chaka chimene matumbawo adzalephereke, Mawanga ndiye adzapite kukagula feteleza. Wabutchala wa pamsika ankadziwanso. Ankakonda kuimitsa njinga yake pakhola paja, n'kutsamira mtanda ngati wodutsa chabe.

“Yanona bwino chaka chino, a Jijiri. Ikadzakulemerani, kwathu mukukudziwa.”

“Tsamirani kwina, mundithyolera mtanda.”

Zaka zonse m'mbuyomo boma linkapereka kapepala, kuponi, kamene achemwali ankakasunga m'chitini cha singano. Chaka chimenecho anati mapepala atha. Dzina lako lili m'makina, ukafika kudepoti uonetsa chitupa, uika chala pagalasi, makina akakuvomera unyamula matumba ako. Alamu anachikonda chinthu chimenechi. Anati pepala limabedwa, koma chala chako sungachiiwale kunyumba.

Tinapita awiri Lachisanu lina, poti inenso dzina langa linatuluka. Depotiyo inali chinyumba chachitali cha malata, khomo lake lalikulu lokoka, fungo la feteleza likuluma m'maso. Mzere unazungulira mpanda. Alamu anachoka pamzerepo kasanu: kukaona matayala a lole, kukathandiza wina kumanga katundu panjinga, kukauza mlonda kuti chitseko chake chikufuna mafuta. Ine ndinali wosunga malo.

Pakhomo panali tebulo, ndipo patebulopo panakhala kalaliki, mtsikana wa maso otopa, ndi kabokosi konga sopo kokhala ndi kagalasi pamwamba. Ine ndinaika chala changa, kanyali kobiriwira n'kuti nga! Kenako alamu anapukuta chala chachikulu pamalaya, n'kuchidinda mwamphamvu ngati akupha nsikidzi.

Kanyali kofiira.

“Musakanikize kwambiri, agogo. Ingogonekani.”

Kofiira.

“Tiyeni china.”

Anayesa cholozera, chapakati, chotsatira, mpaka dzanja lamanja linatha. Anatulutsa lamanzere m'thumba, kachala kaja atakaphimba ndi chikhatho chinacho, n'kuyesa chimodzichimodzi. Kanyali kanali komweko. Kumbuyo anthu anayamba kung'ung'udza, ena kuponya mawu.

“Madala, mwabwereka manja a ndani?”

“Makina akuti munamwalira kalekale, mukuvutikiranji?”

“Zatha zonse, agogo?” anafunsa kalaliki uja, maso ali pamzere.

“Zatha,” anatero alamu, dzanja likubwerera m'thumba.

Mtsikanayo anawagwira chikhatho chamanja, n'kuchitembenuzira kowala. Anachiyang'ana nthawi ndithu, ngati akuwerenga kalata yofufutika.

“Agogo, dzina lanu lilimo, chithunzi ndi chanu. Koma makinawa amawerenga timizere ta pachala, ndiye inu mulibe. Tinafufutika. Mumagwira ntchito yanji?”

“Ntchito yake iti, mwana wanga? Ntchito.”

“Nanga palibe njira ina?” ndinalowererapo ine.

“Ilipo ya kalata yopita kulikulu, koma yankho lake limabwera anthu akukolola. Ndikuuzeni zimene ndaona kwa ena. Timizereti timamera. Manjawa apumule masabata awiri, osagwira khasu, osagwira chingwe, muziwadzoza mafuta m'mawa ndi madzulo. Tikutseka Lachisanu linalo, likadutsa likubwerali. Mudzabwere tsiku limenelo, musadzaime pamzere, mudzangondipeza.”

Alamu anamuyang'ana ngati wawauza kuti asiye kupuma.

“Masabata awiri? Mitambo yomweyi?”

“Wotsatira!”

Tinauyamba ulendo wobwerera. Matumba anga awiri anali pangolo ya mnzathu, ndipo ndinachita manyazi kuwayang'ana.

Achemwali anga anali mayi wosataya mawu. Atamva, analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi botolo la mafuta odzola ndi masokosi awiri aubweya amene mwana wawo anasiya. Anawapaka amuna awo mafutawo mpaka zala kuchita noninoni, anawaveka masokosi m'manja, n'kumanga pamfundo ndi timizere ta nsalu.

“Mukamasula, ng'ombe yapita. Sankhani nokha, bambo.”

Masiku amene anatsatira sindidzawaiwala. Munthu uja analibe poika thupi lake. Ankakhala pakhonde, n'kudzuka. Ankapita kukhola, n'kuima, n'kubwerera. Ankazungulira nyumba manja ali m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi, mpaka galu anatopa kumutsatira. Pofika tsiku lachitatu panali pataoneka kanjira katsopano kochoka pakhonde kupita kukhola, kopondeka bwino. Khasu achemwali analibisa kwa ine, zingwe anaziponya padenga. Tsiku lina anawapeza akusesa pabwalo tsache atalipana m'khwapa, tsiku lina akukankha chitsa ndi chidendene.

“Inu, kodi simungangokhala pansi ngati anthu ena?”

“Anthu ena ake ati? Achimwene anuwa?”

Tsiku lachisanu mvula yobzalira inagwa, yamphamvu, ya tsiku lathunthu. Kutacha, minda yonse inali anthu okhaokha, makasu ali ng'aning'ani. Alamu anaima m'malire mwa munda wawo, masokosi ali lendee, nthaka ikununkhira. Ndinasiya kwanga n'kubwera kudzawabzalira, ndipo ndinalandira malipiro anga onse m'makutu.

“Alamu, mzere umenewo mukuutengera kwa apongozi anu? Wongolani!”

“Ukuwongoka, alamu.”

“Ukuwongoka ngati njira ya woledzera. Phando limenelo mwakumba chitsime? Mbewu idzatuluka chaka chamawa.”

“Ndiye bwerani mudzakumbe nokha, bwana mkubwa wa masokosi.”

Ndinayankhula moseka, koma anabweradi. Anavula nsapato, n'kuyamba kuboola mapando ndi chidendene, achemwali akuponya mbewu pambuyo, iwo n'kubwereranso kukwirira ndi phazi. Anamaliza mizere isanu ndi umodzi mwa njira imeneyo, akudumphadumpha ngati khwangwala, anthu a m'minda yoyandikana atagwira m'mimba ndi kuseka. Madzulo chidendene chinatupa. Achemwali anati akapitiriza awaveka masokosi ena kumapazi, n'kuwamangirira kumtengo ngati mbuzi.

Chinawapweteka koposa chinali Mawanga. Ng'ombeyo inazolowera dzanja limodzi. Inkanunkhiza masokosi aja n'kupukusa mutu, ndipo iwo ankaikanda pakhosi ndi chigongono, akupepesa.

“Pirira, mayi. Ndi zako zomwe izi.”

M'mawa uliwonse kunali kuyeza. Achemwali akamasula masokosi kuti apake mafuta ena, alamu ankapukuta chala chachikulu, n'kuchisisita pamwaye wa kunsi kwa ketulo, n'kuchidinda pambale yoyera. Kenako ankatuluka nayo mbaleyo padzuwa, n'kuiyang'ana chapafupi, chapatali, chopendeka. Masiku oyamba pankangotsala chibanga chakuda bii, ngati padutsa chala cha chidole. Ankandiitanitsa kuti ndidzaone ndi magalasi anga.

“Mukuona kanthu?”

“Ndikuona mwaye.”

“Magalasi amenewo munagula kuti? Anakuberani.”

Koma tsiku lakhumi ndinaona. Pakati pa chibangacho panali timizere, tochepa ngati ulusi wa kangaude, tozungulirazungulira ngati madzi a padziwe ukaponyamo mwala. Alamu anaigwira mbaleyo ndi zikhatho zonse ziwiri. Khungu lakale linali litayamba kusupuka, pansi pake pakutuluka lina lofiirira, lanthete ngati la khanda. Anaseka, kuseka kwa munthu woona nkhope ya m'bale wake amene anasowa kalekale.

“Kani zinali momwemo,” anatero. “Mayi, mbale imeneyi musatsuke.”

Kuyambira tsiku limenelo anadzisunga okha ngati dzira. Chitseko ankatsegula ndi phewa. Wabutchala atadutsa n'kufunsa ngati manja apsa ndi moto, anamukwezera sokosi limodzi ngati mbendera n'kumuuza kuti apitirire.

Linali Lachitatu, kutatsala masiku awiri, pamene achemwali anafika kwathu akuthamanga, dzuwa lili pamutu. Mayi wa zaka zimenezo sathamanga pachabe.

“Achimwene, Mawanga! Chiyambire m'mawa, mwana sakutuluka.”

Ndinapeza ng'ombe itagona cham'mbali m'khola, maso atatuzuka, ikubuula mochokera pansi pamimba. Kumbuyo kunkaoneka kamphuno ndi kachiboda kamodzi kokha. Alamu anali atagwada pamutu pake, kenako anali kumbuyo, kenako pamutu pomwe. Mlangizi wa ziweto anali atapita kumsonkhano, foni yake inkangolira.

“Mwendo wina wapindikira m'kati,” anatero alamu. “Alamu, sambani ndi sopo mpaka m'phewa. Mulowetse dzanja.”

Ine ndinali mlimi wa chimanga ndi nkhuku, za m'mimba mwa ng'ombe sindinkazidziwa. Ndinalowetsa dzanja. Munali motentha, mothina, ndipo ng'ombe ikakankha ndinkamva ngati mkono uthyoka.

“Tsatirani khosi. Mwalipeza phewa? Tsikani nalo mpaka pabondo.”

“Ndapeza chinthu, kaya ndi bondo kaya ndi chiyani.”

“Bwezani mutu m'kati pang'ono, mugwire chiboda m'chikhatho kuti chisang'ambe mayi wake, mukoke chokweza.”

“Chikuterereka!”

“Gwirani ngati mwamuna, alamu!”

Ndinayesa katatu. Kachitatu Mawanga anagoneka mutu pansi, kubuula kuja n'kusanduka kaphokoso kakang'ono. Lilime la kamwana kaja linali litayamba kuda. Alamu anaimirira. Anayang'ana akazi awo, akazi awo n'kuyang'ana kumbali. Anakweza dzanja kukamwa, n'kumasula kansalu ndi mano.

Mmene anagwirira ntchito imeneyo, ndinaona munthu akubwerera m'thupi mwake. Kujijirika konse kunatha. Dzanja linalowa mwakachetechete, maso atatsinzina, akulankhula ndi ng'ombe yawo motsitsa. Posakhalitsa kachiboda kachiwiri kanatulukira. Anaitanitsa chingwe, achemwali n'kuchigwetsa padenga ndi mtengo. Anamanga miyendo iwiriyo, n'kutipatsa nsonga kuti tikoke ife awiri, iwo manja atawatambasula kutali ndi chingwecho, poti mpaka pamenepo timizere tinali tikadalipo.

Tinakoka, ine ndi achemwali, nkhalamba ziwiri. Mapazi ankaterereka m'ndowe, chingwe chonyowa chinkapulumuka. Kamwanako kanatuluka mpaka m'mapewa n'kuima pomwepo.

“Kokerani pansi, cha ku miyendo! Dikirani ikankhe! Tsopano!”

Sikanasunthe. Ndinamva phewa lawo likundikankhira kumbali. Anachikulunga chingwe chija m'manja onse awiri, anaponda mtanda wa khola, n'kugonera chagada. Chingwe cha khonje chimenecho anapota okha, ndipo zaka zonse chinkadutsa m'manja mwawo ngati madzi pamwala. Koma awa sanali manja aja. Anali manja a masiku khumi ndi awiri a mafuta. Ndinaona chingwe chikulowa m'khungu, chikuyenda nalo. Sanasiye. Ng'ombe inakankha komaliza, kamwana n'kuti phofo! pansi, iwonso chagada m'ndowe.

Anakwawa n'kukachotsa zonanda m'mphuno, n'kukalowetsa kaudzu. Kanayetsemula. Kanali kakakazi, ka mawanga ngati mayi wake. Mawanga anadzutsa mutu n'kuyamba kukanyambita, ndipo mpamene alamu anatembenuza zikhatho zawo n'kuziyang'ana. Nsonga za zala zinali zitasupuka, khungu latsopano lija likulendewera ngati makoko a mbatata yophika.

Achemwali anatola masokosi m'ndowe muja, anawakutumula, n'kupita kukatenthetsa madzi a mchere.

Mbiri imayenda msanga kuposa njinga, koma njinga nayo sinachedwe. Lachinayi masana wabutchala anali atatsamira mtanda uja. Ulendo uno sanaseke. Anati wamva za manja, pepani. Anati mayi ndi mwana angathe kutenga onse, kamwanako akakapereka kwa m'bale wake woweta, ndipo zimene angapereke zikwana feteleza wa m'sitolo n'kutsalako. Chimanga chinali chitamera, masamba awiriawiri, chikudikira chakudya chake. Alamu anali atakhala pakhonde, manja okulungidwa nsanza ali pamaondo. Aka kanali koyamba kuwaona atakhala osagwedeza ngakhale phazi, ndipo sindinakukonde kukhala kumeneko.

“Mubwere Loweruka m'mawa,” anatero. “Mubwere ndi chingwe chanu. Changa ayi.”

Lachisanu kutacha anakana kupita kudepoti. Anati sangakasekedwe kawiri ndi ana. Achemwali anali atavala kale nsapato zawo za ulendo.

“Mtsikana uja anati mubwere, ndiye mupita. Akakukanani, akukanireni pamaso panga.”

“Mukaonako chiyani, mayi? Nyama yofiira?”

“Dzukani, bambo. Mwakhala mokwanira.”

Tinapita atatu. M'njira achemwali anatsalira pang'ono n'kundifunsa chapansipansi ngati tsiku lija anayesa zala zonse. Ndinati zonse, ndinaona ndi maso angawa. Sindinkanama. Zaka makumi anayi tikumva munthu akuti ali ndi zala zisanu ndi zinayi, nafenso tinali titayamba kuwerenga momwemo.

Kudepoti anthu anali ochuluka kuposa poyamba, poti linali tsiku lotsiriza. Mulu wa matumba unali utatsika mpaka kuoneka khoma lakumbuyo. Kunali kukankhana, mlonda akukalipa, mitambo ikusonkhana kumadzulo. Kalaliki uja anatizindikira, n'kutikodola kuti tidutse chakumbali.

“Agogo a timizere! Mwapumula?”

Alamu anamasula nsanza za dzanja lamanja. Mtsikanayo anagwira pakamwa.

“Mayo! Mwatani kodi? Ndinati mupumule, osati mukazinge!”

“Ng'ombe imabereka, mwana wanga. Sinawerenge masiku anu.”

“Zilonda sindingaziike pagalasi, agogo. Ngakhale nditaziika, palibe chimene angawerenge. Linalo lilinso chimodzimodzi?”

“Chimodzimodzi.” Anayamba kukulunganso nsanza zija. “Tiyeni, mayi. Mwaona nokha.”

Achemwali sanasunthe. Anagwira mkono wamanzere wa amuna awo, n'kuusolola m'thumba ngati akuzula chinangwa. Nsanza zinakulunga zala zinayi ndi chikhatho. Kachisanu sanakamange, poti kanalibe bala. Kanali kataima pambali pake, koyera, konyezimira ndi mafuta a masabata awiri.

“Aka munakayesa, mwana wanga?”

“Ayi, amayi, aka sindinakaone. Anati zatha.”

“Mayi, musandichititse manyazi pagulu,” alamu anatero, akukoka mkono. “Aka si chala. N'kopuwala, sikadziwa kanthu.”

“Tsiku lojambulitsa chitupa anakudindani zingati?” anafunsa achemwali.

Alamu anayang'ana pansi.

“Ndikufunsa, bambo. Ndinali kumbuyo kwanu tsiku limenelo. Munakangana naye mnyamata wa boma uja, iye n'kukuuzani kuti lamulo likuti khumi.”

Kukagoneka pagalasi kachala kosapindika, koloza kwina, inali ntchito. Kalaliki anasendeza kabokosi m'mphepete mwa tebulo. Alamu anayesa chamtsogolo, sizinatheke. Anatembenuka cham'mbali, anagwada bondo limodzi, chigongono chili m'mwamba ngati phiko la nkhuku, achemwali atagwira kachalako kuti kagone. Mzere wonse unasiya kukankhana n'kumaonerera.

“Madala akufunsira makina!” wina anakuwa.

Kanyali kanaphethira, kanaphethiranso, n'kuti nga! Kobiriwira.

Anthu anaomba m'manja, mayi wina n'kululutira. Kalaliki anaseka mpaka kupukuta misozi, akulemba kapepala kotulutsira matumba. Alamu anadzuka pang'onopang'ono, akusansa fumbi pabondo ndi chigongono. Nkhope yawo sinali ya munthu wopambana. Anakayang'ana kachala kaja nthawi yaitali, monga umayang'anira munthu amene unamuthamangitsa pakhomo, lero wakupeza uli m'dzenje.

Matumba tinakweza pangolo ya mnzathu yemwe uja. Ife tinkayenda pambuyo, mvula ikuwaza. Tinadutsa msika, tinadutsa mlatho. Pafupi ndi kwathu mpamene alamu anatsegula pakamwa.

“Zaka makumi asanu zala izi zikulima. Zaumba njerwa za sukulu, zaphwanya miyala ya msewu tikuyendawu. Boma likuti silikuzidziwa. Likudziwa mlesi uyu, amene sanagwirepo mpini chibadwire.”

“Ndiye mwadabwa?” anatero achemwali. “Mabwana amadziwana.”

Ine ndinaseka mpaka kutsamira ngolo. Alamu anayesa kuumitsa nkhope, koma masharubu anawapereka. Kenako anaima chiriri pakati pa msewu.

“Ndiye kuti masabata awiri onse aja, masokosi aja, chidendene changa chija...”

“Munapumulako, bambo. Sizinakupheni.”

“Mzere wa alamu anga wokhota uja ndiziuona mpaka kukolola!”

Loweruka wabutchala anabwera ndi chingwe chake chatsopano. Anapeza pakhomo palibe munthu, kupatula Mawanga akuyamwitsa, ndi matumba awiri atatsamira khoma pakhonde, limodzi lotsegula. Tonse tinali kumunda. Ine ndinkaboola ndi kamtengo pambali pa phando, achemwali ankathira ndi kachitsekero ka botolo, ndipo alamu, poti manja anali akadali m'nsanza, anakoleka ndowa pamkono n'kumakwirira ndi phazi, akutidzudzula tonse awiri. Wabutchalayo anatilondola, anaima m'malire kanthawi, n'kukweza dzanja. Alamu anamukwezera lamanzere, kachala kali njo, poyera.

Manja anapola, ndipo pasanathe mwezi anali atabwerera kukhala njerwa. Mafuta sanawakhudzenso. Koma dzanja lamanzere silinabwererenso m'thumba. Chaka ndi chaka, mitambo ikayamba kusonkhana, ankapita kwa akazi awo m'mawa asanatenge khasu, n'kuwatambasulira kachalako. Achemwali ankadula kachidutswa ka sokosi lakale lija, n'kukaveka, n'kumanga ndi ulusi, kuti munga kapena chikwanje chisakapeze. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi zimene alamu anakhala ndi moyo pambuyo pake, ndipo m'khola munafika ng'ombe zinayi, zonse za mawanga.

Chaka chawo chomaliza miyendo inali itayamba kukana, ndipo kudepoti ndinawatengera panjinga. Kalaliki anali wina, mnyamata wachilendo. Atawauza kuti aike chala chachikulu, anapukusa mutu, n'kuyamba kumasula ulusi ndi mano.

“Amenewo ndi antchito, mwana wanga, sakuwadziwa kumeneko,” anatero. “Sendeza kabokosiko kuno, alankhule ndi Bwana. Ndipo fulumira, ndasiya ng'ombe zisanamwe.”